Mphindi ziwiri zoyamba za filimu ya nthumanzi: konzani mawu kaye, kamera ibwere pambuyo

Ophunzira akapatsidwa ntchito yojambula chiyambi cha filimu ya thriller, ndiye kuti filimu ya nthumanzi, mafunso awo onse amakhala a kamera: tibwereke ya yani, foni yangayi ikwana kodi, nanga lenzi yabwino ndi iti. Ine ntchito yanga ndi yogwira mawu. Ndimanyamula ndodo ya maikolofoni pa masewero a pa vidiyo ndi m'maukwati muno mu Harare, ndiye mwina munena kuti ndikukokera kwanga. Palibe kanthu. Koma woonera amapirira chithunzi chakuda pang'ono, pamene mawu akamveka ngati akuchokera m'chitini amangodina batani n'kupita kwina. Ndipo nthumanzi yeniyeni, ija imaimitsa munthu mtima, nthawi zambiri imalowera kukhutu maso asanaone kanthu.

Tsono tisanalankhule za kamera, tengani pepala.

Pepala la magawo awiri

Lembani mzere pakati pa pepala kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kumanzere mulembe zimene woonera akuona, kumanja zimene akumva. Shoti iliyonse, kutanthauza kachigawo kamene kamera yajambula kamodzi osadukiza, ikhale ndi nambala yake ndi masekondi ake. Pa mphindi ziwiri, mashoti 20 kapena 25 ndi okwana. Mukapeza kuti kumanja mwangolemba kuti "nyimbo yoopsa" kuyambira pamwamba mpaka pansi, dziwani kuti simunakonze kalikonse.

Kuti tisamalankhule m'malere, nayi nkhani yoti tiyeserere. Tadala amakhala yekha m'kanyumba ka kuseri ku Mufakose. Akubwera madzulo kuchokera ku msika wa Mbare Musika atanyamula jumbo ya tomato, magetsi atathima dera lonse. Afika pageti apeza loko ali chotsegula. M'nyumba mukulira wailesi ya mabatire, ndipo patebulo pali kapu ya tiyi imene ikufukabe nthunzi. Basi. Mulibe mpeni, mulibe magazi, palibe wothamangitsa mnzake.

Funso loyamba pa nkhani yotereyi ndi lakuti: woonera adziwe chiyani chimene Tadala sakudziwa? Katswiri wopanga mafilimu a nthumanzi Alfred Hitchcock, pocheza ndi wopanga mafilimu mnzake François Truffaut mu 1962, anafotokoza zimenezi ndi chitsanzo cha bomba lobisidwa pansi pa tebulo. Likangophulika anthu akucheza, woonera amadzidzimuka kwa masekondi ochepa n'kuiwala. Koma mukamuonetsa bombalo poyamba, macheza wamba a anthu aja amasanduka chinthu chosautsa kuonera, chifukwa iye akufuna kuwakuwira kuti thawani. Choncho m'nkhani yathu, Tadala asanafike n'komwe, tionetse dzanja la munthu likutsitsa kapu ija patebulo, kenako nsapato zikulowa kuseri kwa katani yolekanitsa chipinda. Nkhope ayi. Kuyambira pamenepo phazi lililonse limene Tadala akuponda kulowera kunyumba limamupweteka woonera.

Papepala ziyambe motere. Shoti 1, masekondi 5: chithunzi chakuda bii, mwina dzina la filimu, kumanja, wailesi ikulira chapansipansi ndi supuni ikugunda m'kapu. Shoti 2, close-up (chithunzi chapafupi kwambiri) ya kapu ndi dzanja, supuni ileka kulira. Shoti 3, kamera ili pansi pa simenti, nsapato zikudutsa, mphete za katani zikukhuluzika pawaya. Shoti 4, tikadali pa katani ija ikugwedezeka, koma kumanja kwayamba kale kumveka kombi (minibasi) ndi hwindi, woitanira anthu, akukuwa. Kenako ndiye chithunzi chitulukire panja, Tadala akutsika. Kulowetsa mawu a malo otsatira chithunzi chisanasinthe, komwe a ntchitoyi amati J-cut, kumamukoka woonera osazindikira kuti wakokedwa. Muzikulemberatu papepala, osadikira kuti mukakumbukire pa kompyuta.

Kamvereni malo musanawasankhe

Apa ndi pamene ndikhalitsepo, chifukwa Harare ndi mzinda waphokoso ndipo phokoso lake lili ndi nthawi zake. Pitani kumalo amene mukufuna kujambulako pa ola lomwelo limene mudzajambule, tsiku lofanana la sabata. Imani, tsinzinani, mverani kwa mphindi zisanu. Lembani zonse. Kumbali ya Hatfield ndi Epworth kumadutsa ndege zotera pa bwalo la Robert Gabriel Mugabe. Ku Rugare ndi madera ena a kumadzulo kuli njanji. Pafupi ndi Copacabana kapena renki iliyonse ya makombi musayembekeze kujambula munthu akunong'ona. Lamlungu m'mawa matchalitchi amatsegula zokuzira mawu, Lachisanu ndi Loweruka usiku mabawa nawo amayamba. Ndipo magetsi akathima, nthawi imene nkhani yathu ikufuna mdima, ndi nthawi yomweyo imene aneba okhala ndi jenereta amailiza. Jenereta ndi mdani woipitsitsa chifukwa kulira kwake sikuleka ndipo kumalowa pansi pa mawu a munthu, moti kuchotsa pa kompyuta kumawononganso mawuwo. Pitani kwa eni ake masiku angapo zisanachitike, mupereke moni mwaulemu, mufotokoze kuti ndinu ana asukulu, muwapemphe kuti adzakuthimitsireni kwa theka la ola. Amayi ndi abambo ambiri amavomera mukawapempha ngati ana awo. Mukangofika tsiku lomwelo n'kuyamba kulamula, mudzajambula jenereta.

Nyengo nayo muiwerengere. Kuyambira Novembala mpaka Malichi mvula ikagwa padenga la malata simungamve ngakhale mawu anu omwe. Ogasiti ndi mwezi wa mphepo, ndipo mphepo ikawomba pa maikolofoni opanda chophimba chaubweya imamveka ngati mabingu. Kwa nkhani ya Tadala ine ndingasankhe Juni kapena Julayi: kulibe mvula, anthu amalowa m'nyumba msanga chifukwa cha chisanu, ndipo nthunzi ya tiyi imaoneka bwino mpweya ukazizira.

M'nyumbamo thimitsani firiji ndi fani ngati magetsi alipo. Pali kachenjerero kakale ka anthu a ntchitoyi koika makiyi anu m'firijimo kuti musachoke musanaiyatsenso, chifukwa kuwoletsa ndiwo za eni nyumba ndi njira yachidule yoti asadzakuloleninso.

Kagwiridwe ka mawu

Maikolofoni a pa kamera kapena pa foni imene ikujambula chithunzi ali kutali kwambiri ndi pakamwa pa wosewera. Lamulo lake ndi losavuta: mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu ya mawu imatsika ndi pafupifupi 6 dB (dB ndi muyezo wa mphamvu ya mawu), pamene phokoso la malo limakhala lomwelo. Ndiye yandikirani. Ngati mwabwereka karekoda konga Zoom H1n, kamangeni kundodo ya tsache, kakhale pamwamba pa mutu wa wosewera, kunja pang'ono kwa chithunzi, kakuloza pakamwa kapena pachifuwa. Ngati mulibe, foni yachiwiri igwira ntchito: ibiseni kuseri kwa ketulo kapena m'thumba la malaya, muitseke netiweki kuti pasalowe uthenga pakati pa shoti. Ikani rekoda pa 48 kHz, womwe ndi muyezo wa mawu a vidiyo, ndipo mawu a munthu azifika cha pa -12 dB pa mita ya rekodayo. Akagunda pa 0 amasweka, ndipo mawu osweka sakonzeka.

Wogwira mawu avale mahedifoni nthawi zonse, ndipo akhale ndi ufulu woimitsa shoti. M'magulu a ophunzira ntchito imeneyi amakonda kupatsa amene wasowa chochita. Perekani kwa munthu wamakani, amene angauze wotsogolera kuti galu wauwa, tibwereze.

Shoti iliyonse iyambe ndi kutchula nambala yake mokweza ndi kuwomba m'manja kamodzi pamaso pa kamera. Kuwombako kumaoneka ngati kansonga pa mzere wa mawu mu kompyuta, ndipo ndi pamene mudzalumikizire mawu ndi chithunzi.

Musanachoke m'chipinda chilichonse, aliyense akhale chete, osasuntha, mujambule mphindi imodzi ya chipindacho chili duu. Imeneyi ndiyo room tone. Chipinda sichikhala chete kwenikweni, chili ndi kampweya kake, ndipo mukadzadula mashoti n'kusiya mipata yopanda kanthu, khutu limamva ngati foni yaduka. Mu filimu ya nthumanzi room tone ndi yofunika kuposa nyimbo, chifukwa malo oopsa kwambiri ndi amene zonse zaleka kulira. Mu nkhani yathu, Tadala akalowa n'kuthimitsa wailesi ija, pasakhale nyimbo iliyonse. Patsale kampweya ka chipinda, kupuma kwake, ndi jumbo ikukhwekhwereza m'manja mwake. Kenako mphete imodzi ya katani ilire pang'ono.

Timawu ting'onoting'ono timeneti musadalire kuti tigwidwa pa nthawi yojambula chithunzi. Tijambuleni patokha, usiku kukakhala zii, m'chipinda chokhala ndi matiresi ndi mabulangete kuti mawu asabwerere kuchokera kukhoma: loko akutseguka, geti likulira, mapazi pa simenti yopolishidwa, supuni m'kapu, tomato mmodzi akugwa n'kugubuduka. Ntchitoyi imatchedwa foley, potengera dzina la Jack Foley amene ankaigwira ku kampani ya mafilimu ya Universal, ndipo chinthu chimene mukuliza sichiyenera kukhala chenichenicho. Mu filimu ya Hitchcock ya Psycho ya 1960, kulira kwa mpeni kunachokera pobaya vwende. Yesani zinthu zingapo mutatsinzina, musankhe chimene khutu lakhulupirira.

Za nyimbo ndinena mwachidule. Musatenge nyimbo ya woimba wina popanda chilolezo. YouTube imazizindikira yokha, ndipo muno muli bungwe la ZIMURA loyang'anira za umwini wa nyimbo. Pangani yanu. Dinani kachitsulo kamodzi ka mbira kolira pansi, kapena gundani lata ndi chikhatho, mukachedwetse mawuwo mu pulogalamu yokonzera mawu ya Audacity mpaka asanduke mdidi wautali. Muulowetse mochedwa, chapansi, ndipo muuchotse nthawi yoopsa isanafike.

Tsopano kamera

Foni yabwino ikwana, bola muigwire chopingasa ndipo muiletse kudzisankhira zinthu yokha. Magetsi a muno ndi a 50 Hz, choncho jambulani pa mafulemu (zithunzi) 25 pa sekondi, shata, yomwe ndi nthawi imene kamera imalola kuwala kulowa pa chithunzi chilichonse, ili pa 1/50 ya sekondi. Mafoni ambiri amayambira pa 30, ndipo mukajambula choncho pansi pa mababu ena mumaona mizere ikuyenda pachithunzi kapena kuwala kukuphethira. Pulogalamu yonga Blackmagic Camera, imene ndi yaulere pa mafoni amene imagwirapo, imakulolani kukhazika zimenezi nokha. Khazikani focus (pamene chithunzi chikuoneka chakuthwa) ndi kuwala kuti zisasinthe zokha shoti isanayambe, apo ayi Tadala akamalowa mumdima foni idzayesa kuwalitsa chipinda chimene inu mukufuna chikhale chakuda. Zoom ya chala pa sikirini isiyeni, nyamukani muyandikire.

Posankha mashoti, dzifunseni kuti tikuona ndi maso a yani. Pamene Tadala akuyenda mumsewu, kamera ikhale pa tripodi (choimikapo cha miyendo itatu), patali, iye aoneke wamng'ono pakati pa mipanda. Akafika pageti, bwerani pafupi: close-up ya loko, kenako nkhope yake, kenako loko kachiwiri dzanja lake likumukhudza. Nkhope siyenera kuchita zambiri. Wopanga mafilimu Lev Kuleshov anaonetsa kalekale ku Russia kuti nkhope imodzimodzi imaoneka ngati yasintha malinga ndi chithunzi chimene mwaika pambali pake. Uzani wosewera wanu kuti asatong'ole maso. Angoyang'ana, loko uja agwira ntchito yotsalayo.

Pali shoti imodzi yokha imene ndingagwire kamera m'manja: yoonera kuseri kwa katani, nsalu ikuphimba mbali ina ya chithunzi, kamera ikugwedezeka pang'ono ngati munthu akupuma. Chifukwa mashoti ena onse ndi okhazikika, woonera amadziwa nthawi yomweyo kuti awa ndi maso a mlendo uja. Mukagwedeza kamera filimu yonse, shoti imeneyi imatha mphamvu. Chimodzimodzinso kupendeketsa kamera: kamodzi n'kokwanira, ndipo ine ndingakusiyeni osakuchita n'komwe.

Siyani malo opanda kanthu m'chithunzi. Tadala akaima patebulo, muikeni mbali imodzi, mbali inayo kukhale katani kapena khomo lamdima. Diso la woonera lidzathamangira komweko lokha.

Samalani mzere wa madigiri 180. Jambulani m'maganizo mzere wochokera pa Tadala kukafika pa katani, ndipo kamera ikhale mbali imodzi ya mzerewo m'mashoti onse a m'chipindamo. Mukaudumpha, mu shoti ina adzakhala akuyang'ana kumanja, mu inzake kumanzere, ndipo woonera sadziwanso kumene kuli ngozi. Panjanso chimodzimodzi: ngati akuyenda kuchokera kumanzere kupita kumanja, apitirize choncho mpaka pakhomo. Jambulani mapu a chipinda papepala, muike kadontho pamene kamera idzaime pa shoti iliyonse. Storyboard yanu, yomwe ndi mndandanda wa zithunzi zoonetsa shoti iliyonse, isakuvuteni ngati simudziwa kujambula ndi pensulo. Pitani ndi mnzanu kumaloko, mumutole zithunzi ndi foni pa malo alionse, muzisanje motsatana.

Mdima wooneka

Mdima wa mu filimu uli ndi kuwala kwake. Mukangothimitsa zonse, kamera imakweza ISO, mphamvu yake yokokera kuwala, ndipo chithunzi chimadzaza timadontho. Sankhani gwero limodzi limene nkhani ikulola: kandulo, nyali ya sola, tochi ya foni ya Tadala. Kuwala kuchokere m'mbali, osati kutsogolo, kuti theka la nkhope likhale mumthunzi. Khungu lathu lakuda limaoneka bwino kuwala kukakhala kofewa ndi kotambalala, ndiye walitsani nyali pa khoma loyera kapena pa pepala lalikulu loyera kuti kubwerere pankhope, ndipo onetsetsani kuti m'maso muli kakuwala. Maso akazimirira, mantha a wosewera sitiwaonanso. Nyali zina za LED zotchipa zimaphethira pa kamera ngakhale maso sakuona, choncho ziyeseni dzulo lake.

Nthunzi ya tiyi imaoneka pokhapokha kuwala kukuchokera kumbuyo kwake ndipo kuseri kuli kwakuda. Khalani ndi fulasiki ya madzi owira pafupi, muzithira atsopano shoti iliyonse. Nkhani yonse yatsamira pa nthunzi imeneyo, popeza ndiyo ikuuza Tadala kuti munthuyo sanapite patali.

Mashoti a panja ndi a mpikisano ndi dzuwa. Mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 5:30 madzulo muno, ndipo chisisira chake sichifika theka la ola. Choncho musajambule motsatira nkhani. Fikani masana, muyeserere mashoti a mumsewu ndi a pageti mpaka aliyense adziwe poima, muwajambule dzuwa likangolowa, kuyambira ndi shoti yapatali imene imafuna kuwala kwambiri. Za m'nyumba mukhoza kujambula ngakhale masana mutaphimba mawindo ndi mabulangete.

Zoti musachite mumsewu

Musatulutse mfuti yoseweretsa kapena mpeni pagulu popanda kudziwitsa apolisi a dera lanu, ndipo yendani ndi kalata ya kusukulu. Musaloze kamera ku State House, kumalo a asilikali kapena kwa apolisi. Pamsika, pemphani kaye amayi ogulitsa musanawajambule.

Palinso china chimene chimandikhudza ine monga mwana wa Achewa obadwira kuno. Chaka ndi chaka pamapezeka gulu lofuna kuika chigoba cha gule kuseri kwa katani ija, poti anzathu ambiri muno amaopa zigure ndipo mantha ake ndi apafupi. Musatero. Gule wamkulu ndi mwambo wa eni ake, umene UNESCO inaulemekeza mu 2005, ndipo makolo athu amene anabwera kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi kunjanji ananyozedwa nawo mokwanira. Kujambula gule kumafuna chilolezo cha akuluakulu a dambwe. Komanso, kunena za luso lokha, chigoba chikangooneka funso latha. Nsapato zosadziwika mwini wake zimagwira woonera nthawi yaitali.

Pa kompyuta

Tsiku lomwelo koperani zonse pa malo awiri osiyana musanafufute kanthu m'foni. Pulogalamu yodulira ndi kulumikiza vidiyo ya DaVinci Resolve ili ndi mtundu waulere wokwanira ntchitoyi ngati kompyuta yanu ili ndi mphamvu. Apo ayi CapCut ikuthandizani. Yalani room tone pansi pa chigawo chonse poyamba, kenako mawu a anthu, kenako foley, nyimbo pomalizira. Mawu olankhula mu nkhani yathu ndi amodzi okha, pamene Tadala akuyang'ana katani n'kufunsa chapansipansi kuti, "Achimwene, ndinu?" Asiyeni m'Chichewa momwemo, mulembe Chingerezi kapena Chishona pansi pa chithunzi. Akafunsa choncho, werengani masekondi atatu opanda yankho, ndiye mudule.

Mukamaliza, yesani kawiri. Koyamba thimitsani sikirini, mumvetsere mawu okha ndi munthu amene sakudziwa nkhaniyo, mumufunse kuti wamva chikuchitika n'chiyani. Kachiwiri onerani pa sipika ya foni, chifukwa ambiri adzaonera pamenepo atalandira pa WhatsApp, ndipo mdidi wapansi uja sipika yaing'ono siutulutsa. Ngati mphete ya katani siikumveka pa foni, ikwezeni pang'ono ndi kutsitsa zina zonse zoizungulira, kenako mutumize kwa aphunzitsi.